Wickenburg ndi apongozi: tipite mu July kapena tidikire February?

NamwinoWaUsiku

Moni nonse. Ndithandizeniko nzeru abale. Apongozi anga aamuna akubwera kudzationa kuno ku Arizona, ife tili mbali ya Glendale, ndipo chiyambireni kukamba za ulendowu nyimbo yawo ndi imodzi basi, akuti iwo sakubwerera mashopu kapena nyumba zosanja, akufuna akaone ng'ombe za kuno ndi anyamata aja okwera akavalo, aone ndi maso awo ngati ndi zenizeni kapena ndi za pa TV chabe. Munthu wakulira pakhola moyo wake onse, zaka 71, akadali olimba ndithu koma bondo limodzi limawavuta akayenda kwambiri. Mwana wanganso wa zaka 9 wamva kusukulu kuti kuchipululu kuli golide nde nayenso sakundigonetsa tulo.

Mnzanga wina wa kuntchito wanditchulira Wickenburg, akuti ndi katauni kakang'ono komwe kanayamba ndi mgodi kenako ng'ombe, ndipo si kutali. Ine zaka zonsezi ndimangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi kkkk, sindinapiteko. Nde mafunso anga ndi awa, tikiti yawo titha kudula ya July pomwe bambo a kunyumba ali pa holide, kapena tidikire mpaka February koma apo nde ndili ndi masiku awiri okha a ofu. Galimoto yathu ndi yaing'ono, yotsika, kodi ikafika kumgodiko? Tikagone konko kapena nkupita mmawa nkubwerera madzulo? Ndipo chachikulu, ng'ombezo akaziona pafupi kapena tikangozungulira mutauni nkumajambula zikwangwani? Sindikufuna kuchita manyazi pamaso pa apongozi chonde.

Dalaivala93

Achemwali, July ayi. Ndabwerezanso, July ayi. Ine ndimayendetsa thiraki pa msewu wa 93 uja wopita ku Las Vegas nde Wickenburg ndimaidutsa pafupipafupi, mu July masana kutentha kumafika madigiri 105 a Fahrenheit pena kuposa, mukudziwa kale inu mmene kumakhalira ku Glendale kwanuko, chitsulo cha lamba wa pampando chimawotcha ngati chachoka pamoto. Tauniyi ili pamtunda pang'ono kuposa Phoenix, cha m'mafiti 2,000, nde usiku kumapitako kamphepo koma masana musadzinamize, dzuwa ndi lomwelo. Ndipo zonse zomwe mukufunazo ndi za panja, mgodi panja, ng'ombe panja, mthunzi wake ndi chipewa chanu basi. Mdala wa zaka 71 wongotsika kumene ndege mukamuika pamenepo mukhala mukumuthira madzi ya m'botolo kumutu m'malo moti aone ng'ombe.

Chinanso July mpaka September ndi nthawi ya mvula ya mkuntho ija. Kuchipululu kuli timitsinje touma tambirimbiri todutsa pamsewu, eni ake amati wash, chaka chonse ndi mchenga okhaokha. Mvula ikagwa kumapiri, inu pomwe muli olo dontho, madzi amangotulukira ndi zitsa ndi miyala yomwe. Ndinaonapo kagalimoto kofiira katatsamira pamtengo madzi atafika m'mawindo, mwini wake ali pamwamba pa denga wakumbatira chikwama. Ndipo Arizona ili ndi lamulo loti ukalambalala chotchinga chomwe aika pamsewu wosefukira nkukakodwa, ndalama zokupulumutsira atha kukulipiritsa iweyo, anthu amangoliti stupid motorist law, dzina lokhalo likukuuzani kale.

Njira ndi yosavuta. Gwirani Grand Avenue, ndiyo US 60 imeneyo, mudutse Surprise, muzingotsata njanji ili pambali, ola limodzi ndi kamphindi mwafika. Thirani mafuta musanapatukire kumgodi ndipo madzi akumwa tengani ochuluka kuposa omwe mukuganiza olo mu February.

MwalaWoyera

Ndigwirizane ndi akuluwa pa za February, komanso mwezi umenewo ndi omwe kumakhala Gold Rush Days, chikondwerero chawo cha chaka ndi chaka, kumakhala perete wa akavalo mutauni, rodeo (mipikisano ya akavalo ndi ng'ombe), ndi malo oti ana azisefa mchenga m'mbale kusaka golide. Mwana wanuyo akakhuta pomwepo. Koma malo ogona amadzadza sabata imeneyo nde ngati masiku anu a ofu agwera pompo bukani msanga.

Za mgodi ndilankhuleko motalika pang'ono chifukwa ndi zomwe ndimakonda, mundikhululukire. Tauniyi inatenga dzina kwa Henry Wickenburg, mkulu wochokera ku Germany yemwe anapeza golide kumeneko mu 1863 nkuutcha mgodiwo Vulture, ndiye kuti muimba, mbalame yodya zakufa ija. Nthano zake zilipo zingapo, ena amati anatola mwala kuti agende bulu wake wokanika nkuona mwalawo ukunyezimira, ena amati anapita kukatola muimba omwe anawombera. Sankhani yomwe mwana angaikonde kkk. Chomwe chili chotsimikizika nchakuti kuyambira 1863 mpaka 1942 mgodiwu unatulutsa golide wokwana ma ounce 340,000 ndi siliva ma ounce 260,000, ndipo unali mgodi wa golide wobereka kwambiri mu Arizona monse. Unatsekedwa mu 1942 boma la America litalamula kuti migodi ya golide iime, nkhondo yachiwiri inkafuna anthu ndi makina apite ku mkuwa ndi zitsulo zina zopangira zida.

Mukafika mudzadabwa kuti bwanji tauni ili uku mgodi uli uko, mamailosi ngati 12 pakati pake. Yankho ndi madzi. Pamgodipo panalibe madzi, nde miyala ankainyamula pangolo kupita nayo kumtsinje wa Hassayampa komwe kunali zigayo zophwanyira, anthu nkumanga pomwepo, tauni nkubadwa. Ndipo anthu a mumgodi amadya, abulu ndi akavalo awo amafuna udzu, nde apo ndi pomwe ulimi ndi ng'ombe zinalowera. Olo Phoenix yomwe tikukhalayi ili ndi ngongole kwa katauni kameneka, Jack Swilling anakhazikitsa kampani yake yokumba ngalande ku Wickenburg komweko mu 1867, nkupita kukatsegula ngalande zakale za a Hohokam, anthu omwe ankakhala kuno kalekale, kumtsinje wa Salt River komwe pano kuli Phoenix, kuti alime chakudya chogulitsa kumigodi ndi kwa asilikali. Mwana wakula kuposa kholo basi.

Henry yemweyo sanalemere nawo. Anagulitsa gawo lalikulu la mgodi, ndalama sanalandire yonse, anabwerera kukalima m'mbali mwa mtsinje, mu 1890 damu la Walnut Grove linaphulika kumtunda madzi nkukokolola minda ndi kupha anthu ambiri, ndipo iye anamwalira mu 1905 ali wosauka, anamupeza ndi bala la mfuti. Wokumba chitsime samwa madzi oyera eti.

Pomwe panali mudzi wa ogwira ntchito pano amati Vulture City, ndi malo olipira pakhomo, anakonzanso nyumba zina. Yomwe inandigwira mtima ine ndi assay office, nyumba yamiyala yomwe ankayezeramo ndi kusungiramo golide, makoma ake anamangira miyala ya mumgodi momwemo nde amati khomalo lili ndi golide mkati. Pafupi pali mtengo wa ironwood omwe amati anapachikapo anthu 18 chifukwa choba miyala ya golide, zimenezo ndi zomwe amafotokoza pamalopo. Msewu wake Vulture Mine Road ndi wa tala, galimoto yanu yotsikayo ikafika bwinobwino. Pansi pokha ndi pa miyalamiyala nde apongozi atenge ndodo.

Chenjezo limodzi, mwanayo asathamangire mabowo omwe ali m'tchire kunja kwa mpanda. Dera lonselo ladzadza ndi migodi yakale yosiyidwa, ina ndi dzenje longotsika pansi lopanda chotchinga chilichonse.

Wokayika_Uja

Ine ndinena zomwe ena sakonda kumva. Mayi, ngati apongozi anu ndi munthu wa ng'ombe weniweni akaseka. Za u cowboy za mutauni muja zambiri ndi zokonzera alendo. Tauniyi inadzitcha likulu la dziko lonse la ma dude ranch, ndipo dude ranch ndi chani? Ndi famu yomwe anthu a ndalama ochokera m'mizinda yozizira amalipira kuti avale chipewa, akwere kavalo wofatsa, adye nyama yootcha madzulo. Zinayamba kalekale cha m'ma 1920, eni mafamu ataona kuti mlendo amabweretsa ndalama kuposa ng'ombe. Rancho de los Caballeros inatsegulidwa mu 1948 ndipo ili ndi bwalo la gofu, mundiuze ine khola lanji lili ndi gofu.

Jail Tree ija aliyense amajambulapo, mtengo wa mesquite uli pakati pa tauni omwe amati ankamangirirapo akaidi ndi unyolo kuyambira 1863 mpaka 1890 poti kunalibe ndende, mphindi zisanu mwathana nawo. Pali chiboliboli cha mkaidi atakhala pansi, mwana akajambulitsa, basi.

Ndipo chomwe chimandinyansa kwambiri nchakuti nkhani imayambira 1863 ngati kuti kunalibe anthu. Dziko limenelo linali la a Yavapai, mtundu wa eni nthaka omwe azungu anawapeza, ankakhala ndi kulima m'mbali mwa Hassayampa yemweyo. Okumba golide atadzadza nkhondo inabuka, mu November 1871 ngolo ya apaulendo inaukiridwa kunja kwa tauni anthu 6 nkufa, mlandu unagwera a Yavapai, asilikali nkuwasaka, ndipo mu 1875 anawayendetsa wapansi nthawi yozizira mamailosi ngati 180 kuchoka ku Verde kupita ku San Carlos, ambiri anafera panjira. Pitani ndithu sindikukuletsani, koma mwanayo mukamuuze ndi mbali imeneyinso osati za bulu ndi mwala zokha.

ChingweChaNyanga

A Wokayika, za a Yavapai mwanena zoona ndipo palibe angatsutse. Koma pa ng'ombe pokha mwaponya mwala kutali achimwene, inu munangoima pa Jail Tree nkubwerera eti? Ine ndinagwirako ganyu nyengo ziwiri zozizira pa bwalo lina la team roping kumeneko, kutsegula geti ndi kukusa ng'ombe, nde ndikuuzeni mayi zomwe apongozi akaone.

Kuyambira cha mu November mpaka March tauni ija imadzadza ndi matelela a akavalo, anthu ochokera ku Montana, ku Dakota, mpaka ku Canada, athawa chisanu abwera kudzaponya chingwe. Mabwalo alipo ambiri, lodziwika kwambiri ndi Rancho Rio pafupi ndi tauni penipeni, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi tsiku lililonse penapake pamakhala mpikisano. Si sewero la alendo ayi, anthuwa amaika ndalama zawo ndipo oluza amachoka nkhope ili gwaa. Amasewera awiriawiri. Ng'ombe imatulutsidwa m'kampanda kachitsulo ili pa liwiro, woyamba amamutcha header amakola nyanga nkukulunga chingwe pa chitsulo cha pachishalo nkuikhotetsera kumanzere, wachiwiri heeler amaponya chingwe pansi kuti chikole miyendo yonse iwiri yakumbuyo. Akakola mwendo umodzi okha amamuonjezera masekondi 5, woyamba uja akafulumira kutuluka ng'ombe isanapatsidwe mpata wake ndi masekondi 10. Akatswiri amamaliza zonsezi m'masekondi osakwana 10, ukaphethira waphonya. Ndipo mukaona agogo aimvi ndi atsikana a sekondale akupikisana bwalo limodzi.

Apongozi akayang'anitsitse ng'ombe zake, ndi zazing'ono zowonda za nyanga, mtundu wa Corriente wochokera ku Mexico, ndipo amaziveka zotetezera m'munsi mwa nyanga kuti chingwe chisazisupule. Ndikudziwiratu funso lawo loyamba, akafunsa kuti bwanji mukuvutitsa ng'ombe yosadwala kkkk. Muwauze kuti masewerowa anachokera ku ntchito yeniyeni, kutchire kopanda khola ng'ombe yaikulu ikafuna mankhwala kapena chizindikiro chamoto anthu awiri ankaigwira chonchi, wina kumutu wina kumiyendo.

Ng'ombe za nyama zenizeni zilipo koma simukaziona zitaunjikana. Kuchipululu msipu ndi wochepa nde ng'ombe imodzi imafuna malo aakulu zedi, zimamwazikana m'tchire, zimadya nyemba za mtengo wa mesquite ndi timaudzu tomera mvula ikagwa, ndipo malo ambiri omwe zimadyamo ndi a boma, mwini ng'ombe amangolipira chilolezo. Mukafuna kuziona yang'anani pomwe pali thanki la madzi kapena chipupa champhepo chopopera madzi, mmawa kapena dzuwa likupendeka. Pamsewu mukamva matayala akuti grrrr pa mapaipi achitsulo oyalidwa pansi, imeneyo ndi cattle guard, ng'ombe imaopa kupondapo nde imagwira ntchito ya geti. Mukadutsa pamenepo chepetsani liwiro makamaka usiku, Arizona mbali zambiri ndi open range, ng'ombe ili ndi ufulu oyenda ndipo mukaigunda mutha kulipira ndinu. Geti la waya mukalipeza lotseka tsekaninso, lotsegula lisiyeni chomwecho, ndi mwambo wa kumeneko ndipo amakwiya nazo kwambiri.

Mdala wanuyo asachite manyazi kuwayandikira anthu kuseri kwa bwalo komwe amamangirira akavalo. Ambiri sayamba okha kulankhula koma ukangofunsa za kavalo wake sumuletsanso.

Wokayika_Uja

Chabwino amwene, za chingwezo sindinazione, ndinapita mu May kunali zii. Koma gofu ija ndaima pomwepo.

GogoWaZinziri

Mwana wanga, ine ndine wa msinkhu wa apongozi akowo nde ndikuuze za mawondo poti anyamatawa aiwala. Tinapita ndi adzukulu chaka chatha. Usawapangire pulogalamu yodzadza, mgodi mmawa kusanatenthe, masana mukhale pansi mudye, roping madzulo, tsiku latha. Gonani konko usiku umodzi. Kucha kwa kuchipululu nkokoma, kumazizira mpaka kufuna juzi, tizinziri tija tokhala ndi kanthenga pamutu timadutsa pamzere ngati ana a sukulu.

Tsiku lachiwiri mupite ku Hassayampa River Preserve, ili pa US 60 pomwepo musanalowe mutauni mukamachokera kwanu. Mtsinje umenewu ndi wodabwitsa, pa mlatho wa mutauni ukasuzumira umangoona mchenga, madzi amayenda pansi pa nthaka, nde pamalo amenewa ndi pomwe amatulukira pamwamba chaka chonse. Ukungochoka pa minga ndi miyala mwadzidzidzi uli mu mthunzi wa mitengo italiitali ya cottonwood, mbalame zili pokopoko. Tinjira take ndi tosalala, pali mabenchi, bondo silidandaula. Ali ndi nthano yoti ukamwa madzi a Hassayampa sudzanenanso zoona moyo wako onse, akuti poti okumba golide akale ankakokomeza za chuma chomwe apeza. Amuna anga anati ine ndinamwa kalekale ndisanabadwe, tinakangana mpaka pagalimoto. Ungoyang'ana kaye masiku omwe amatsegula usananyamuke, si tsiku lililonse.

Desert Caballeros Western Museum ilinso bwino kwa munthu wamkulu, muli kozizirira, muli zishalo, zitsulo zodindira ng'ombe, ndipo anamanga kamsewu ka tauni yakale ndi sitolo yake momwemo. Siteshoni yakale ya sitima ya 1895 ili chapafupi, mkatimo ndi momwe amapereka mapu kwa alendo, ndipo panja pali injini yakale ya sitima mwana akaikonda.

Tsono minga. Pali kamtengo kena amati cholla, kamaoneka kofewa ngati kachidole dzuwa likakawomba kumbuyo. Mdzukulu wanga anangokayandikira kuti ajambule, chibulumwa chonse chinamatirira pa kabudula nkulowa pa ntchafu, iye pofuna kuchotsa ndi dzanja chinasamukira ku zala, kulira kwake anthu anatuluka m'magalimoto. Anatithandiza bambo wina wa chipewa chachikulu, anangotulutsa chipeso m'thumba, kuchilowetsa pakati pa khungu ndi chibulumwacho nkukoka kamodzi, thoo chinagwa. Nde tenga chipeso cha mano akuluakulu ndi katwiza. Nsapato zotseka nonse, za mapazi panja zisiyeni kunyumba. Njoka za mchira wolira zija mu February zambiri zimakhala zikadabisala koma mwana asapise dzanja pansi pa mwala. Ndipo ma saguaro ataliatali aja a mikono asawakande kapena kuthyola, ndi otetezedwa ndi lamulo, amatenga zaka 50 kapena kuposa kuti angotulutsa mkono oyamba. Apongozi ako akapeza akulu anzawo pamenepo.

Dalaivala93

Agogo anena zonse. Ndingoonjezera kuti wina akakuuzani zokwera Vulture Peak musavomere ndi bondo limenelo, kumtunda kwake nkokwawa ndi manja. Ndipo ngati mdala sachita chizungulire m'galimoto, msewu wa 89 wopita ku Yarnell umakwera phiri mokhotakhota, pamwamba mukaona chigwa chonse mpaka uko. Koma masiku awiri ndi ochepa, ine ndikanaisiya.

NamwinoWaUsiku

Abale zikomo kwambiri, sindimayembekezera zonsezi. July tayisiya, bambo a kunyumba anayamba kulimbalimba koma nditawawerengera za galimoto yofiira ija anangoti chabwino February. Tigona usiku umodzi monga mwanenera agogo, chipeso ndaika kale m'galimoto kuopa kuiwala. A Wokayika musadandaule za a Yavapai ndimuuza mwanayu, ndayamba kale kufufuza kuti ndisakamuuze zolakwika.

Ndawaimbira apongozi dzulo ndawafotokozera za roping, a ChingweChaNyanga munalosera ndendende, anakhala chete kaye kenako akuti ng'ombeyo yalakwa chani kkkkk. Kenako afunsa zomwe ine sindinathe kuyankha, akuti ng'ombe zomwazikana m'tchire choncho popanda mbusa mwini wake amazidziwa bwanji ndipo akuba sakuba? Ndinangoti ndikafunsa.

ChingweChaNyanga

Muwauze kuti famu iliyonse ili ndi chizindikiro chake chomwe amadinda pachikopa ndi chitsulo chamoto, cholembetsedwa ku boma la Arizona, ndipo pogulitsa kapena kutumiza ng'ombe kunja kwa dera pamabwera woyendera wa boma kudzaona ngati chizindikiro chikugwirizana ndi mapepala. Zina amazidula khutu mwa mtundu wakewake, zina zili ndi manambala a pulasitiki. Kawiri pachaka amazikusa zonse ndi akavalo nkudinda ana a ng'ombe omwe abadwa, mwana amatsata mayi wake nde sipakhala mkangano kuti ndi wa ndani. Akuba alipo, asaganize kuti kuno kulibe. Ku museum kuja mukawaonetse zitsulozo, ndipo muwapatse nthawi pamenepo chifukwa ndikuona sakachokapo msanga.